Sabata ya holide ku Kasungu ndi ana ochokera m'tauni

Loweruka

Sukulu zikatsekera kumapeto kwa Julayi, makomo ambiri kuno amadzaza ndi adzukulu ndi asuweni ochokera ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Blantyre. Afika leroŵa ndi oyambira zaka 4 kulekeza 13, ndipo pakhomo pake ndi kunja pang'ono kwa tauni ya Kasungu.

Kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130 pamsewu wa M1, kudzera pa Lumbadzi, Mponela ndi Madisi, kuwoloka Bua, kenako Chinkhoma pomwe pali okushoni ya fodya. Pa galimoto ya pakhomo ndi maola awiri. Pa minibasi werengerani atatu kapena anayi, chifukwa imaima pa siteji iliyonse. Mwana amene amasanza m'galimoto akhale pawindo, jumbo lili m'manja, ndipo tchipisi cha pa Mponela achione ndi maso okha.

Makolo asanabwerere, afunseni zinthu zinayi: buku la kuchipatala la mwana aliyense, juzi, nsapato zotseka, ndi chakudya chomwe sichimuyanja. Funso lomalizali musalichite manyazi. Kuno mtedza umalowa m'ndiwo, m'phala ndi m'mbatata momwe, ndiye mwana amene amatupa akaudya muyenera kumudziwa lero. Wa mphumu asasiye mankhwala ake opopera, poti Ogasiti wa ku Kasungu ndi wa mphepo ndi fumbi, m'mawa kumazizira ndithu.

Chomwe chimagwetsa ana obwera m'masiku oyamba ndi madzi. M'mimba mwawo simunazolowere a pachitsime. Thirani kachivindikiro kamodzi ka WaterGuard mu chigubu cha malita 20, khutchumulani, dikirani mphindi 30, ndipo kapu yotungira ikhale imodzi yosamwera. Maneti amangidwe dzuwa lisanalowe. Udzudzu wachepa mwezi uno, koma kufupi ndi dambo sunathe.

Lamulungu

Tikaweruka ku tchalitchi ndi nthawi yokaonetsa ana kwa agogo ndi kwa amalume awo. Auzeni za mwambo muli m'njira, osati pamaso pa akulu: polonjera anyonyomale, polandira chinthu atambasule manja awiri, akaitanidwa ayankhe kuti "Wawa". Agogo akafunsa kuti "Iwe ndiwe wa yani?" mwana adziwe kutchula dzina la mayi ake. Kwa Achewa funsoli limafuna mbumba yomwe mwanayo akuchokera.

Masana ndi a mpira wachikulunga, ndipo aphunzitsi ake akhale ana apamudzi pompano. Palibe njira ina yachangu yophwanyira manyazi pakati pa magulu awiriwa. Pamafunika majumbo akale 15 kapena 20, nsanza zodzaza dzanja zoika pakati, ndi linya kapena malegeni odulidwa ku chubu cha njinga. Jumbo lililonse limakulungidwa mothinitsa, mfundo yake n'kuyang'anitsa mbali ina, apo ayi mpira umatuluka wa mutu umodzi ndipo sugubuduka mowongoka. Chingwe chimalukidwa ngati ukonde, mabowo osapitirira zala ziwiri. Mabowo akakula majumbo amatulukira mpira usanafike theka. Ana ena amawaula mpirawo pamoto kuti ugwirane. Alekeni zimenezo, pulasitiki yosungunuka imamatirira pakhungu.

Atsikana atenga bwalo lawo la fulaye kuseri kwa nkhokwe, aang'ono ali pa phada. Phada amafuna kadzenje kosaya, timiyala 12 ndi mwala umodzi wobulungira woponya m'mwamba, basi.

Lolemba

Phiri la Kasungu lili pamphuno pa tauni ndipo silifuna galimoto yapadera. Nyamukani 6 koloko kuti 10 koloko ikupezeni mukutsika. Mwana aliyense anyamule lita imodzi ya madzi, nthochi kapena mbatata yootcha. Akulu akhale awiri, wina patsogolo wina pambuyo, ndipo tengani munthu wa m'munsi mwa phirimo wodziwa njira, chifukwa tinjira ta otola nkhuni ndi ta opita kukapemphera timasokoneza.

Kukwera sikuvuta kwenikweni. Ngozi ili potsika. Udzu wouma wogona pathanthwe umaterera kuposa matope, ndipo mwana wovala masilipasi ndiye amayamba kugwa. Osakwana zaka 6 asapitirire pakati pa phiri, atsale pamthunzi ndi wamkulu mmodzi. Aonetseninso ana onse chitedze asanachikhudze: nyemba zake za ubweya wofiirira zapsa nyengo ino. Chikamugwera mwana asakande. Matani selotepu pamalopo n'kumatula kangapo kuti ubweya uchoke, kenako sambitsani ndi sopo, zovala asinthe.

Pamwamba tauni yonse imaoneka, M1 ikulowera kumpoto cha ku Chatoloma ndi Nkhamenya, ndi minda ya fodya yomwe tsopano yangotsala mbee. M'munsi muli nyumba ya Kamuzu ya Nguru ya Nawambe, yongoonera patali. Ana a Sitandade 7 ndi 8 apa ndi pomwe mungawauze za Mfumu Mwase Kasungu, yomwe inakana kugonjera Angerezi mpaka nkhondo ya 1895. Amamvetsera bwino malowo akuwaona ndi maso.

Lachiwiri

Tsiku la ulendo lizitsatidwa ndi tsiku la pakhomo. Mukawayendetsa masiku awiri otsatizana, lachitatu mudzakhala mukuweruza milandu ya kulira ndi kumenyana. Lero ndi la masanje.

Malo a masanje asankhidwe ndi wamkulu. Akhale kutali ndi nkhokwe, chigafa ndi nyumba ya udzu, mapazi osachepera 30, komanso mbali yomwe mphepo ikulowera, kuti ikanyamula moto iwutengere kutali ndi nyumba. Lambulani pozungulira mafuwa mamita atatu mpaka dothi lioneke. Timisasa ta mapesi amange mbali ina, moto mbali ina, ndowa yodzaza madzi ili pambali. Kamvuluvulu wa Ogasiti sachenjeza. Mwana akapsa, malo opsawo akhale m'madzi ozizira mphindi 20. Mankhwala otsukira mano, dzira ndi mafuta ophikira musapakepo, zimangosunga kutentha ndi kuipitsa bala.

Pali zinthu ziwiri zomwe ana a m'tauni sazidziwa pakhomo la mlimi. Mabotolo a mankhwala a ku nazale ya fodya amaoneka abwino kutungira madzi a masanje, ndiye asonkhanitseni muwatsekere. Mbewu yopaka utoto wofiira kapena wobiriwira si yokazinga, ndipo chimanga cha m'matumba othira Actellic asatapemo okha. Apatseni ufa, nyemba ndi mtedza kuchokera m'manja mwanu.

Chiponde ndi ntchito yomwe mwana aliyense amapezapo gawo. Aang'ono asankhe mtedza, makapu anayi, kutaya wonse wofota, wakuda kapena wa chuku. Chuku cha mtedza chili ndi poizoni wowononga chiwindi ndipo kukazinga sikumuchotsa. Okulirapo akazinge pa chiwaya, moto wa makala ochepa, kutakasa osaleka kwa mphindi 15 mpaka 20. Moto ukachuluka khungu limada m'kati muli muwisi, chiponde n'kumawawa. Mudziwa kuti wapsa mukafikisa kanjere kamodzi, khungu n'kuchoka lokha, m'kati muli mofiirira. Uzizire pang'ono, fikisani, petani pa lichero, kenako mu mtondo ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Poyamba umasanduka nsinjiro, ndipo apa ana ambiri amati zatha. Apitirize. Mafuta amayamba kutuluka, munsi n'kumamata, phokoso la mtondo n'kusintha kuchoka pa "gu, gu" kufika pa "tcha, tcha". Usinjeni ukadali wofunda, wozizira umachedwa kutulutsa mafuta. Madzi asalowemo ngakhale dontho, apo ayi chiwola mawa lomwe.

Futali wa nkhomaliro: mbatata makilogalamu awiri, kusenda, kudula zidutswa zazikulu, madzi ongofika pamwamba pake. Zikayamba kufewa thirani makapu awiri a nsinjiro ya mtedza wosakazinga ndi mchere, vindikirani, moto wochepa mphindi 10. Musatakase msanga, nsinjiro ipse kaye ndi nthunzi.

Madzulo azakhali ateleka thobwa la mawa. Malita 10 a madzi, mgaiwa kilogalamu imodzi, phala lipse bwino. Liphulidwe, lizizire mpaka chala chikhoza kukhalamo osachotsa msanga, ndipo apo ndi pothira makapu atatu a chimera cha mawere. Mukathira phala likadali lotentha kwambiri, mphamvu ya chimera imafa, thobwa limakhala lolimba ndi losatsekemera, mumangomaliza shuga. Likasungunuka liwiritsidwenso, lizizire, ligone. Ana amwe mawa ndi mkuja. Likapitirira pamenepo layamba ulendo wa ku mowa.

Lachitatu

Kasungu National Park ili kumadzulo kwa tauni, kumalire ndi Zambia. Inakhala paki mu 1970, ndipo ndi yachiwiri kukula m'Malawi, pambuyo pa Nyika, masikweya kilomita 2,316 kukula kwake konse. Kuchokera m'tauni kukafika ku damu la Lifupa ndi makilomita opitirira 50, kudzera pachipata cha Lisitu, ndipo mbali yaikulu ndi msewu wafumbi. Mwezi uno galimoto yokwera pang'ono imadutsa bwino. Thirani mafuta okwanira kupita, kuzungulira m'kati ndi kubwerera musanatuluke m'tauni, onani tayala lapadera ndi jeke. Akulu atenge chiphaso cha unzika, poti Amalawi amalipira mtengo wotsika pachipata. Ndalama ikhale ya m'manja, netiweki kumeneko njosadalirika.

Musawalonjeze ana mikango. Nkhalango ya kuno ndi ya miombo yothithikana, nyama zimabisala, ndipo mwana amene wazolowera kuona nyama pa wailesi ya kanema amatopa ola loyamba lomwe. Nyamukani 5 koloko kuti mukafike kusanatenthe, chifukwa masana nyama zimagona pamthunzi. Aliyense mumpatse kope ndi pensulo azilemba chomwe waona: anyani, njiri, nswala, ngoma, mbidzi, mbalame, ngakhale ndowe ndi mapazi. Mpikisano umenewu umawakhazika chete kuposa kuwakalipira.

Njovu ndiye nkhani yaikulu ya paki ino. M'zaka za m'ma 1970 zinalipo zoposa 1,000, koma opha nyama mozemba anazitha mpaka kutsala pafupifupi 50 pofika 2015. Mu 2022 nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, mothandizana ndi mabungwe oteteza nyama a IFAW ndi African Parks, inasamutsira kuno njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Kwa mlendo ndi nkhani yokoma. Kwa alimi a m'mphepete mwa paki ndi nkhani ya minda yodyedwa ndi maliro, ndipo ana akuluakulu ndi bwino amve mbali zonse ziwiri pomwe mukudutsa mpanda wa magetsi. Mukakumana nazo pamsewu imani patali, mamita 50 kapena kuposa, injini isazime, hutala ayi, ndipo musalowe pakati pa mayi ndi mwana wake. Ikatambasula makutu n'kumapukusa mutu ikuyang'ana inu, bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono.

Pomwe agemu alola kutsika, pezani phazi lakutsogolo la njovu pamchenga, lija lobulungira. Mwana azungulize chingwe m'mphepete mwake, kenako achulukitse kawiri utali wa chingwecho. Yankho lake ndi msinkhu wa njovuyo kufika paphewa. Phazi lozungulira masentimita 120 ndi la njovu yotalika mamita 2.4. Wamng'ono pa ana onse atagona pansi pambali pa chingwecho anafunsa kuti, "Amalume, ndiye ine ndingalowe kunsi kwa mimba yake osawerama?" Angalowedi.

Ku Lifupa kuli mvuu. Poyamba ana amaona miyala m'madzi, kenako mwala umodzi umagwedeza timakutu, n'kupemerera madzi m'mphuno. Aonere pamalo okwera, asatsikire m'mphepete, makamaka madzulo pomwe mvuu zimatuluka kukadya udzu.

Nsalu zabuluu ndi zakuda zomwe muzione zitapachikidwa m'mbali mwa msewu ndi misampha ya kashembe. Ntchentche imeneyi imakopeka ndi mitundu iwiriyi komanso ndi galimoto yoyenda, choncho ana avale zotuwa kapena za khaki, za manja aatali, ndipo m'nkhalango yowirira mawindo atsekedwe. Kuluma kwake kumapweteka ngati singano yamoto, koma si kashembe aliyense ali ndi kaodzera. Ingokumbukirani mwana amene walumidwa.

Lachinayi

Lero onse adzuka mochedwa, ndipo palibe chokonzedwa. Anyamata apamudzi akufuna kutenga alendo awo kukasambira ku dambo. Yankho ndi ayi, ngakhale alire. Madzi odikha a m'maiwe ndi m'madamu ang'onoang'ono a kudimba ndiwo amakhala ndi nkhono za likodzo, ndipo tizilombo take timalowa pakhungu m'mphindi zochepa. Zizindikiro zimadzaoneka patapita milungu, mwana ali kale m'tauni, makolo osadziwa kuti magazi mu mkodzo achokera kuti. Maiwe ena ndi maenje okumba njerwa, akuya mwadzidzidzi. Beseni lalikulu pabwalo masana limathetsa mkanganowo kwa aang'ono.

Zokumba mbewa tawalola akuluakulu okha, ndi mkulu wawo wa zaka 17. Malamulo ndi awiri: dzanja lisalowe kuuna, ayese ndi kamtengo chifukwa njoka imagona momwemo, ndipo machesi atsale kunyumba. Moto wambiri wa lupsa nyengo ino umayambira pa mbewa.

Madzulo onani mapazi a aliyense. Kadontho kakuda koyabwa pafupi ndi chikhadabo ndi thekenya, ndipo limachotsedwa lisanakule, ndi singano yowiritsa, lonse lathunthu osaliphulitsa.

Cha m'ma 4 koloko ng'oma zinamveka kutsidya. Ino ndi nyengo ya Gule Wamkulu, anthu akolola, ziliza zikumangidwa. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inauika guleyu m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse mu 2005, koma pamsewu wa kumudzi zimenezo sizithandiza mwana amene waima pakati pa njira n'kumaloza chala. Auzeni kuti akaona gule apatuke, asathamangire, asajambule popanda chilolezo. Ku bwalo apite ndi wamkulu wapamudzi pomwepo, akhale mbali ya amayi, ali ndi ndalama zing'onozing'ono zosupa. Wamantha musamukakamize.

Nthano zayamba nsima itatha. Agogo akati "Padangotero", ana a m'tauni amangoti duu, ndiye aphunzitseni kuyankha "Tili tonse" nthano isanayambe.

Lachisanu

Msewu wa ku Nkhotakota umakufikitsani ku Mtunthama pasanathe ola. Kamuzu Academy inatsegulidwa mu 1981, pafupi ndi mtengo wa kachere womwe Hastings Kamuzu Banda anaphunzirirapo ali mwana. Pemphani chilolezo pachipata musanalowetse gulu la ana, ndipo ndi bwino kuimbiratu foni dzulo lake. Nsanja ya wotchi, damu lakutsogolo ndi laibulale ndizo zimawagwira mtima. Kachereyo amamuyang'ana mphindi ziwiri n'kufunsa za chakudya.

Dera lomweli, kwa Wimbe, ndi kwawo kwa William Kamkwamba, amene anasiya sukulu ya sekondale chifukwa cha njala ya 2001 mpaka 2002, n'kupanga makina a mphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14, pogwiritsa ntchito njinga yakale, dayinamo, mapaipi a pulasitiki ndi mitengo ya bulugamu. Kumudzi kwa anthu sikopita mongotulukira, koma nkhani yake ndi poyambira pabwino pa ntchito ya masana ano, ndipo mphepo ya Ogasiti ilipo yaulere.

Kwa okonza mawailesi mumsika wa Kasungu gulani kamota kakang'ono kochokera mu DVD yakufa, ndi timababu ta LED tofiira tiwiri kapena titatu. Tengani tofiira. Tofiira timayaka ndi mavoti pafupifupi 2, pomwe toyera timafuna 3, ndipo kamota kotere sikafika msanga pamenepo. Pakhomo pezani botolo la pulasitiki la theka la lita, guluu wolimba, waya wopyapyala ndi nsungwi ya mamita awiri.

Wamkulu adule botolo masentimita 10 kuchokera kukamwa. Mbali ya kukamwayo ichekedwe m'litali magawo anayi ofanana, kulekeza pakhosi, kenako magawowo atambasulidwe ngati duwa. Gawo lililonse lipotozedwe pang'ono, onse mbali imodzi. Boolani pakatikati penipeni pa chivindikiro ndi msomali wowonda kuposa kachitsulo ka mota, lowetsani, thirani guluu kunja kokha. Guluu akalowa m'kati mwa mota, ntchito yathera pomwepo. Miyendo iwiri ya LED ilumikizidwe ku mawaya awiri a mota, mota amangidwe kunsonga ya nsungwi ndi legeni.

Kawirikawiri sikayaka ulendo woyamba, ndipo apa ndi pomwe pali phunziro. Ngati mapiko akuzungulira koma babu silikuyaka, tembenuzani miyendo ya LED, chifukwa magetsi amadutsamo mbali imodzi yokha. Ngati akunjenjemera, bowo silili pakati kapena phiko lina ndi lalitali, linganizani ndi sizasi. Ngati sakuzungulira n'komwe, mapiko ndi osapotoza kapena ena ayang'ana kwina. Mapiko aatali kwambiri amazungulira mwaulesi, ndipo kamota aka kamafuna liwiro, choncho afupikitseni pang'onopang'ono. Mphepo ikachepa mwana athamange nayo nsungwiyo pabwalo. Yeserani chakumadzulo, masana kuwala kwake sikuoneka. Amene wamaliza msanga athandize mnzake, koma wamkulu asagwire ntchito ya mwana, angofunsa kuti, "Waona chiyani chikuvuta?"

Aang'ono apangireni chopepera cha pepala pa phesi ndi minga, iwonso azithamanga nawo.

Loweruka

Zovala zinachapidwa dzulo, zasitidwa m'mawa uno. Minibasi ya m'mawa ndi yabwino, isanafike 8 koloko, kuti akafike kukuwala. Mwana wosakwana zaka 12 asayende yekha, ndipo kukafika ku depoti pa kabaza mwana mmodzi njinga imodzi, miyendo kutali ndi masipoko. Nambala ya foni ya makolo ilembedwe papepala, liikidwe m'thumba la mwana aliyense.

Katundu wa agogo amachuluka nthawi zonse: mtedza, mbatata, ufa, mfutso, mwina ndi nkhuku yamoyo. Mtedza upite wosasenda, umasungika bwino. Chiponde chikhale m'botolo lotseka, lokulungidwa m'jumbo, choimirira. Thobwa lisakwere nawo, limafufuma ndi kutentha n'kuphulitsa chivindikiro.

Makolo auzidwe pakamwa komanso pa uthenga wa pafoni zinthu zitatu. Mwana akatentha thupi m'milungu iwiri kapena inayi ikubwerayi akayezetse malungo tsiku lomwelo, asangomupatsa Panado n'kudikira. Amene analumidwa ndi kashembe, ngati polumidwapo patupa n'kusanduka chilonda, kapena akutentha thupi koma malungo sakupezeka, adokotala auzidwe kuti mwanayo anali ku paki ya Kasungu. Ndipo ngati alipo amene anazemba n'kukalowa m'madzi a ku dambo, atchulidwe dzina, kuti akapite naye kuchipatala kukayezetsa likodzo pakatha miyezi iwiri.